Nyenyezi zilipo, magetsi a m'tauni ndiwo akuzibisa

Sabata yatha mphwanga wa ku Area 25 ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Thambo lonse linali lachikasu ngati phala la maungu, nyenyezi zitatu zokha, nazonso zooneka ngati timizere. Pansi pake analemba kuti: “Achimwene, foni yangayi ndi yachinyengo eti?”

Foni ilibe mlandu. Kuwala kwa magetsi a m'misewu, a pamafilingi siteshoni ndi a m'mipanda ya anthu kumakwera m'mwamba, n'kumwazika pa fumbi ndi utsi. Kamera siisankha. Ikatsegula diso nthawi yaitali, imatola kuwala kwa nyenyezi pamodzi ndi kwa tauni, ndipo kwa tauniko ndiye kochuluka. N'chifukwa chake malangizo a pa intaneti oti “masekondi 30, ISO 3200” amagwira bwino ku Nyika kapena paphiri la Mulanje, koma ku Ndirande amakupatsani phala lija.

Ndiye tichite bwanji? Tsegulani kamera, pitani pa Pro kapena Manual.

Choyamba ndi shutter, nthawi imene kamera imakhala yotsegula. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye mukachedwetsa, nyenyezi zimasanduka mizere. Ojambula amagawa 500 ndi kutalika kwa lenzi. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri ndi ya mamilimita pafupifupi 26, kutanthauza kuti malire ndi masekondi 19. Koma m'tauni thambo limayera musanafike pamenepo. Yambani pa masekondi 6, kenaka yesani 8 ndi 10.

Chachiwiri ndi ISO. Ambiri amaganiza kuti kukweza ISO n'kuonjezera kuwala. Ayi ndithu. Zili ngati kukweza voliyumu ya wailesi imene siikugwira bwino: nyimbo imakwera, kukhwekhwereza nakonso kumakwera. Yambani pa 400, mukaona kuti kwada kwambiri pitani pa 800. Musakhulupirire sikirini, chifukwa mumdima chilichonse chimaoneka chowala. Ngati foni yanu ili ndi histogram, kaphiri kake kakhale chakumanzere, koma kasagunde kumapeto.

Chachitatu ndi focus. Ikani pa MF, kokerani kumapeto kumene kuli chizindikiro cha phiri kapena cha ∞, kenaka bwererani pang'onopang'ono mpaka nyenyezi yowala kwambiri ioneke ngati kadontho kakang'ono. White balance ikani pakati pa 3500K ndi 4000K kuti chikasu chija chichepe.

Mwina mukuti, masekondi 6 okha titolapo chiyani? Chinsinsi n'kujambula zambiri osasuntha foni. Jambulani 20 kapena 30, mu RAW ngati ilipo, n'kuziphatikiza pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere monga Sequator kapena DeepSkyStacker. Mukaphatikiza zithunzi 16, timadontho ta phokoso timachepa kanayi, nyenyezi zofooka n'kuyamba kutulukira. Mafoni a Google Pixel amachita zimenezi okha kwa mphindi pafupifupi 4 akakhala malo amodzi, pomwe Night mode ya iPhone imafika masekondi 30 ikaona kuti siikugwedezeka.

Mulibe tripod? Kathumba ka nyemba pamwamba pa njerwa kamagwira ntchito. Ikani timer ya masekondi atatu kuti chala chanu chisagwedeze foni, ndipo pukutani lenzi.

Nthawi nayo ndi nkhani. Sankhani masiku a mdima, mwezi usanaoneke kapena utalowa. Ife kuno tili ndi mwayi umene anzathu a ku London amausirira: mtima wa Mlalang'amba umadutsa pafupifupi pamutu pathu. Mu July umafika pamwamba cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo pamutu ndi pamene kuwala kwa tauni kumachepa. Ikafika September ndi October, utsi wa moto wa kutchire umadetsa thambo, choncho musazengereze. Magetsi akathima m'dera lanu, ena akudandaula za filimu, inu tulukani panja. Dikirani mphindi 20 osayang'ana sikirini yowala kuti maso azolowere. Koma jambulirani mumpanda kapena muli ndi anzanu. Foni yowala mumdima imaitananso ena amene sakufuna nyenyezi.

Ndisakunamizeni, pakati pa Lilongwe Mlalang'amba udzaoneka ngati kautsi chabe. Koma nyenyezi zowala mudzazipeza bwino, ndipo nyengo ya dzinja ikafika, kukangoyera mudzajambula Akamwiniatsatana ndi Nsangwe. Chachikulu, dzanja lidzakhala litazolowera pofika tsiku lopita kumudzi.

Mphwanga uja anayesanso Loweruka, masekondi 8, ISO 400. Anawerenga nyenyezi mpaka kutopa. Anabadwira m'tauni, ndipo Mlalang'amba weniweni sanauonepo ndi maso. Panopa akundivutitsa kuti tipite kwa agogo ku Dedza mwezi usanatuluke.