Amene Amatola Mbalame M'bandakucha

Usiku wa pa 4 Okutobala 2023, kuchera pa 5, mbalame pafupifupi 1,000 zinafera pa nyumba imodzi yokha mumzinda wa Chicago, m'dziko la America. Nyumbayo, imene dzina lake ndi McCormick Place, si imodzi mwa nsanja zazitali zimene mzindawu umatchuka nazo. Ndi chinyumba chachifupi chochitiramo misonkhano ndi zionetsero, chomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Michigan, chokhala ndi makoma a magalasi okhaokha. Zambiri mwa mbalamezo zinali timbalame tosaposa mpheta kukula, tochokera kunkhalango za kumpoto kupita kumaiko ofunda a kummwera. Mphepo yosayenera inali itatitsekereza masiku angapo, kotero kuti nyengo italola tinanyamuka tonse pamodzi, ndipo titakumana ndi mvula chakum'mawa tinatsika pansi, n'kupeza nyali zikuyaka kuseri kwa magalasi.

Kuti dziko lonse linamva za imfa imeneyi, ndipo kuti eni nyumba anasowa pothawira, sichinali chifukwa chakuti anthu a ku Chicago ali ndi mtima wachifundo kuposa ena onse, koma chifukwa panali anthu amene kwa zaka zambiri anakhala akutola mbalame zakufa, kuziwerenga ndi kuzilemba m'buku. Pamenepa ndi pamene pagona mphamvu ya anthu odzipereka oteteza mbalame m'mizinda, ndipo ndikhulupirira kuti aliyense wofuna kuteteza cholengedwa chilichonse, kaya ndi mtengo, mtsinje kapena dambo, ayenera kuphunzirapo kanthu.

Mbalame zing'onozing'ono zambiri zimene zimasamuka ndi nyengo zimayenda usiku, pamene mpweya uli wozizira ndi wodekha ndipo akabawi ali m'tulo, ndipo njira zimaidziwa mwa zina poyang'ana nyenyezi. Ngakhale mneneri Yeremiya anazizwa nazo kalekale, poona kuti dokowe ndi namzeze amadziwa nthawi yao ya kupita ndi kubwera. Koma kuwala kwa mizinda kumazisokeretsa ndi kuzikokera pakati pa nyumba, kumene mdani wachiwiri, ndiye galasi, amazidikira. Pakuti mbalame sidziwa galasi, ndipo ikaona chithunzithunzi cha mtengo kapena cha thambo m'zenera imathamangira komweko ndi liwiro lake lonse. Akatswiri ofufuza anayerekeza m'chaka cha 2014 kuti m'dziko la America lokha mbalame zapakati pa 365 miliyoni ndi 988 miliyoni zimafa chaka chilichonse mwa kugunda nyumba.

Tsono taonani ntchito ya anthu odziperekawa. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi, ndiponso ya Seputembala ndi Okutobala, amalawira kusanache, aphunzitsi, anamwino, ophunzira ndi okalamba amene anapuma pantchito, atanyamula tochi, kaukonde ndi timatumba ta pepala, nazungulira m'tsinde mwa nyumba zimene anagawana. Amafulumira chifukwa ali ndi opikisana nao: makoswe, amphaka, mbalame zodya zinzake, ndiponso anthu osesa, amene akangodutsa ndi tsache umboni wonse wapita. Mbalame imene yangokomoka amaiika m'kathumba, mmene muli mdima ndi bata, kuti isadzipwetekenso pophupha, naitengera kwa osamalira nyama zovulala. Yakufa amailembera tsiku, ora, dzina la nyumba ndi mbali ya khoma pamene inagwera. Kenaka amapita kuntchito zao za masiku onse, osalandirapo ngakhale khobidi.

Ku Toronto, m'dziko la Canada, ntchitoyi inakhazikika m'chaka cha 1993 pamene Michael Mesure ndi anzake anayambitsa bungwe la FLAP, limene limasunga mbalame zotoledwa chaka chonse n'kuziyala pansi pamaso pa anthu, mizeremizere, kuti amene samva ndi makutu aone ndi maso. Ku Chicago, David Willard wa ku nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ya Field Museum anayamba kuzungulira McCormick Place m'chaka cha 1978, ndipo sanaleke kwa zaka zoposa 40. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: m'mabuku akewo munali polemba mazenera amene anali oyaka usiku uliwonse, ndipo ofufuza atawasanthula m'chaka cha 2021 anapeza kuti kuthimitsa theka la mazenera kungachepetse imfa za mbalame panyumbayo ndi zigawo pafupifupi 60 pa 100 zilizonse. Mitembo yomweyo, yoposa 70,000 pamodzi ndi yotoledwa pa nyumba zina, inaululanso chinthu chimene wotolayo sanali kuchifunafuna, chakuti matupi a mbalamezi akhala akuchepa pang'onopang'ono pamene dziko likunka litentha.

Mwini nyumba angathe kuseka munthu wobwera ndi misozi, koma samseka wobwera ndi buku lolembedwa masiku ndi manambala. Tsoka la 2023 litachitika, akuluakulu a McCormick Place anamata magalasi onse a nyumbayo ndi timadontho totalikirana masentimita 5, timene munthu ali patali satiwona bwino koma mbalame imatiwona nipatuka, ndipo m'nyengo yotsatira ya 2024 imfa zinatsika ndi zigawo pafupifupi 95 pa 100. Kunena zoona, ulemu umene ndingawapatse ndi wochepa, popeza umboni unali pakhomo pao zaka zonsezo, ndipo anadikira kufikira manyazi atawagwira pamaso pa dziko lonse.

Ku New York nkhani yake ndi yovutirapo, chifukwa kuwala kumene kumasokeretsa mbalame ndi kopatulika m'mitima ya anthu. Chaka chilichonse pa 11 Seputembala amayatsa nyali zamphamvu 88 zoloza kumwamba, pokumbukira anthu amene anaphedwa pa chiwembu cha mu 2001, ndipo tsikuli limagwa pakati penipeni pa ulendo wa mbalame, zimene zimazungulira m'kuwalako mpaka kulefuka. Anthu odzipereka akanatha kupfuula kuti mwambowo uletsedwe, ndipo akanadedwa ndi mzinda wonse. M'malo mwake anapangana ndi okonza mwambo kuti iwo adzichezera usiku wonse padenga akuwerenga, ndipo mbalame zikapitirira 1,000 nyali zizithimitsidwa kwa mphindi 20 kuti zibalalike ndi kupitiriza ulendo. Olira maliro sanalandidwe kanthu, ndipo mbalame zinapeza njira.

Komabe ndisanamize owerenga kuti manja a anthu odzipereka angathe kusenza katundu yense. Kafukufuku wa 2014 uja anaonetsa kuti nsanja zazitali kwambiri zimapha mbalame zosakwana imodzi pa 100 zilizonse zofera pa nyumba. Zotsala zonse zimafera pa nyumba zapakatikati ndi pa mazenera a nyumba zogonamo anthu, mmene wotola sangafikemo. Chifukwa chake ntchito yao imabala zipatso zenizeni pamene yasanduka lamulo, monga zinachitikira ku Toronto, kumene kuyambira 2010 omanga nyumba zazikulu zatsopano akakamizidwa kugwiritsa ntchito magalasi amene mbalame zingawaone, ndi ku New York, kumene khonsolo ya mzinda inavomereza lamulo lotere m'chaka cha 2019. Khonsolo imene imayamika anthu odzipereka pa tsiku la chikondwerero, koma osasintha malamulo ake a kamangidwe, ikungodyera masuku pamutu anthu aulere.

Wina adzati izi ndi nkhawa za anthu okhuta, ndipo kuti ife a kuno tili ndi mavuto akulu kuposa timbalame. Sindimtsutsa za kukula kwa mavuto, koma ndimkumbutsa kuti anamzeze ambiri amene amadzaza mawaya a magetsi m'dzinja lathu ndi alendo ochokera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo tizilombo touluka timene amadya tsiku lonse ndi tomwe timavutitsa ife ndi mbewu zathu. Ku Mount Moreland, pafupi ndi Durban ku South Africa, anamzeze okwana pafupifupi 3 miliyoni ankagona m'bango la dambo limodzi, ndipo pamene bwalo la ndege la King Shaka linali kumangidwa pafupi pomwepo, lisanatsegulidwe mu 2010, anthu okhala pamalopo ndi okonda mbalame anaumirira kufikira bangolo linasiyidwa, ndipo kunaikidwa makina oona magulu a mbalame kuti oyendetsa ndege azichenjezedwa.

Kwathu kuno nyumba za magalasi zikuchuluka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo madambo a m'mizinda, amene ndiwo popumulira ndi podyera mbalame zapaulendo, akugawidwa kukhala mapuloti, eni ake n'kumadabwa madzi akalowa m'nyumba mu Januwale. Kusankha galasi la timadontho pamene pulani ili papepala n'kotsika mtengo kuposa kulimata nyumba itatha kale, ndipo makhonsolo athu ali nayo kale mphamvu yokana pulani yomanga m'dambo. Makalabu a zachilengedwe amene ali m'sukulu zambiri, pamodzi ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, angathe kuyamba ndi dambo limodzi ndi kope limodzi, kulemba mbalame zimene zafika mwezi uti ndi pamene maziko atsopano akumbidwa, kuti podzapita kukhonsolo akhale ndi masiku ndi manambala m'manja.