Chiwaya chamasewera chisabwere m'minda ya tiyi

Mukafunsa mwana wasukulu lero kuti chiwaya n'chiyani, akulozerani pamsika wa Bvumbwe kapena pa Luchenza pomwe anyamata amakazinga tchipisi ndi zam'kati za mbuzi. Sanalakwe. Koma akuluakulu athu mawu omwewa ankatchuliranso mfuti ija yolira mosalekeza, poti kulira kwake kunkafanana ndi chimanga chikamathetheka pamoto. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, kuno ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Sabata ino tikambirane za chiwaya chachiwirichi, chifukwa pali ganizo lomwe lafika pakhomo panga, ndipo ndikuona kuti likukhudza tonse okhala m'mphepete mwa minda ya tiyi kuno ku Thyolo.

Mwini ganizoli ndi mwana wa mlongo wanga. Wakhala zaka zingapo ku Johannesburg, akugwira ntchito pamalo pomwe anthu amalipira kuti aphunzire kuwombera kapena angosangalala ndi mfuti. Iye amakhoma mapepala owomberapo, kutola makoko a zipolopolo ndi kupukuta mfuti za bwana wake. Tsopano akufuna kubwerera kumudzi. Akuti: "Amalume, alendo amabwera ku Thyolo kudzalawa tiyi ndi kukwera phiri. Bwanji nditsegule malo owomberapo, okhala ndi mfuti zofanizira za nkhondo yakale? Azungu amazikonda, ndipo ndalama zake ndi zooneka."

Mfuti yomwe waikira mtima dzina lake ndi Sten. Angerezi anaipanga mu 1941 zinthu zitawathina. Chaka cha 1940 asilikali awo anachoka mothawa ku Dunkirk, m'dziko la France, n'kusiya zida zambiri m'mbuyo, ndipo mfuti za Thompson zomwe ankagula ku America zinali zodula. Choncho amuna awiri, Reginald Shepherd ndi Harold Turpin, anakonza mfuti yotsika mtengo, ya paipi ndi zitsulo zowotcherera, yoti fakitale wamba ikhoza kupanga. Dzinalo anatenga S ndi T wa mayina awo n'kulumikiza EN wa Enfield, komwe kunali fakitale ya mfuti ya boma. Zinapangidwa pafupifupi 4 miliyoni. Imodzi mwa makampani omwe anapanga zambiri ndi Lines Brothers ya ku London, yomwe nkhondo isanayambe inkapanga zidole za ana.

Sten imalemera makilogalamu atatu ndi pang'ono. Magazini yake, chitsulo chija amaikamo zipolopolo, imatulukira cham'mbali kumanzere ndipo mumalowa zipolopolo 32 za 9mm. Yeniyeni ya kunkhondo imalavula zipolopolo pafupifupi 500 pamphindi. Ukapanikiza chala osachotsa, magazini yonse imatha m'masekondi anayi. Asilikali ankaidandaula kuti imakonda kukakamira, komanso kuti ikagwa pansi nthawi zina imalira yokha. Mumzinda wa Prague pa 27 Meyi 1942, Jozef Gabčík anaima kutsogolo kwa galimoto ya Reinhard Heydrich, mmodzi wa akuluakulu a Hitler, n'kukoka chala, koma Sten yake inangoti zii. Anachita kuponya bomba ndi mnzake, Jan Kubiš, ndipo Heydrich anafa ndi mabala patatha sabata.

Zomwe amasunga okonda mbiri yankhondo masiku ano ndi zofanizira. Kunja kwake ndi Sten yomweyo, koma m'kati anazikonza kuti kukoka kumodzi kuzitulutsa chipolopolo chimodzi. Msika wake waukulu uli ku America, komwe lamulo la 1986 linaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zachiwaya zopangidwa kuyambira chaka chimenecho. Zakale zolembetsedwa zinakwera mtengo kwambiri, motero ambiri amagula zofanizirazi.

Ine mfuti yotereyi ndinaigwirapo chaka chatha nditapita kukamuona mnyamatayu. Mwini malowo, bambo wodekha wa imvi, sanandipatse msanga. Anayamba wandikhazika pansi n'kundiuza malamulo: kamwa ya mfuti iziloza kutsogolo nthawi zonse, chala chisakhudze pokokera mpaka utakonzeka, mfuti iliyonse uziyesa kuti muli chipolopolo ngakhale wakuuza kuti mulibe ndi mbale wako. Kenako anandiveka zotseka m'makutu ndi magalasi, n'kuima pambali panga. Chotsamira paphewa ndi chitsulo chopindapinda ngati fulemu ya njinga. Magazini ikadzadza imakokera mfuti kumanzere, ndiye dzanja limalimbana nayo. Nditakoka, sinanditche paphewa monga ndinkayembekezera. Inangonditosa pang'ono, fungo la wonga n'kundilowa m'mphuno. Pa zipolopolo khumi, zisanu ndi chimodzi zinaboola pepala lomwe linali pa mamita 25.

Ndisaname, zimakoma. Ndipo anthu omwe ndinawapeza kumeneko sanali zigawenga. Anali madokotala, amakanika, agogo ndi adzukulu awo, anthu odziwa chaka chomwe chitsulo chilichonse chinasulidwa. Ku South Africa lamulo la mfuti la 2000 limafuna kuti munthu aphunzire kaye, apeze satifiketi yoti ndi woyenera, kenako laisensi ya mfuti iliyonse payokha. Ndikudziwanso chomwe chikumuwawa mnyamata wathu. Boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000, minda ndi yochepa, ndipo wachinyamata akakana kubereka dengu lothyolera tiyi, zomwe zamutsalira ndi kabaza kapena basi ya ku Joni. Munthu wobwera ndi ganizo la bizinesi sitimuseka.

Komabe ine ndamuuza kuti ayi, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Kwa bambo wa ku Johannesburg uja, Sten ndi chikumbutso cha nkhondo yomwe Hitler anagonjetsedwa. Mbiri imeneyo nafenso ndi yathu. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 30,000 analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri. A Keyala, gulu la King's African Rifles, anamenya nkhondo ku Abyssinia ndi ku Madagascar, ndipo mu 1944 anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, m'matope, mvula ndi malungo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anatumizidwanso ku Malaya. Agogo anga aamuna anali nawo ku Burma. Mfutiyi ankaitchula kuti sitenigani, ndipo sankaitamanda. Ankati ukamagona nayo umaiyang'anitsa kutali ndi mnzako. Atabwerako anapeza ntchito yaulonda pa esiteti ina kuno, atagwira chibonga ndi wenzulo, akukhala pamalo omwe sanali awo.

Apa ndiye pali mbali yachiwiri ya mbiriyi, yomwe wosunga mfuti wakunja saiona. Asilikali aja anabwerera m'dziko la thangata, momwe banja lokhala pamalo a mzungu linkalipira lendi kapena kugwira ntchito m'munda wa mwini malo, ndipo likakana linkasamutsidwa. Pofika 1953 kuno kunali kutatentha kale. Kampani ya British Central Africa, yomwe inali ndi malo aakulu m'boma lino, inali pamkangano ndi anthu pa nkhani za lendi ndi kusamutsa, ndipo Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitangokakamizidwa pa anthu omwe anachikana. Mu Ogasiti chaka chimenecho, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, anthu awiri anagwidwa powaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera inawanda kuti aphedwa. Khamu linasonkhana, antchito ananyanyala, misewu inatsekedwa ndi mitengo, ndipo chipwirikiti chinafalikira m'maboma ena a kum'mwera. Pomwe zinthu zinkazizira, anthu 11 anali atafa ndipo 72 atavulala. Patangotha zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi, pa 3 Malichi 1959, kunabwera lamulo lija lomanga atsogoleri a Congress. Lipoti la Devlin linawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko muno, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay.

Zida za apolisi ndi asilikali a m'mayiko olamulidwa ndi Angerezi m'zaka zimenezo zinkachokera m'nkhokwe imodzi: mfuti yaitali ya .303, chiwaya cha Bren, ndi Sten. Ndiye taganizani, awerengi. Loweruka masana, mayi akuchokera kusikelo ndi dengu lake kumsana, ndipo kuseri kwa mabulugama kukumveka mfuti ya maonekedwe a nthawi ya atsamunda, mlendo akuseka ndi kujambulitsa. Mwina agogo a mayiyo anali m'khamu la 1953. Phokoso lomwe ku Johannesburg ndi lachisangalalo, kuno lili ndi tanthauzo lina. Nkhani ya malo ku Thyolo ndi Mulanje ikadali bala losapola, ndipo pabala sasewererapo.

Chifukwa chachiwiri n'chapafupi. Mfuti yofanizira ndi mfuti ndithu. Zipolopolo zake ndi zomwe zija, magazini yake ndi yomwe ija. Chala cha munthu wathanzi chikhoza kukoka kangapo pasekondi imodzi. Wogulitsa mugolosale akaiona usiku itamuloza, safunsa ngati ili yachiwaya kapena ya kamodzikamodzi. Lamulo lathu la mfuti ndi la 1967. Limafuna chilolezo cha apolisi ndi laisensi yolipira chaka ndi chaka, ndipo mfuti zachiwaya sililola munthu wamba. Koma pepala la laisensi silitseka chitseko. Malo osungira mfuti khumi pakati pa minda, kutali ndi polisi, olonderedwa ndi bambo wa tochi ndi chibonga, ndi nkhokwe yoitana akuba. Ife a m'malire a Ruo tikudziwa zomwe zinachitika nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Ma AK-47 anawoloka mtsinje, ndipo kwa zaka zambiri eni magolosale ndi onyamula malipiro a antchito sankagona tulo.

Onaninso zomwe anachita eni ake a Sten. Mu 1987, m'tauni ya Hungerford ku England, munthu mmodzi yemwe anali ndi malaisensi a mfuti zake anapha anthu 16. Chaka chotsatira boma la Britain linaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zazitali zodzilowetsa zokha chipolopolo, kupatula za tizipolopolo tating'ono ta .22. Lero Mngerezi wokonda mbiri akafuna Sten pakhoma pake, amagula yophedwa, yoti singalirenso. Ngati kwawo kwa mfutiyi anaona choncho, ife tikuthamangira chiyani? Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Mwambiwu ndi wabwino pa zinthu zomwe zimafotera m'manja mwa mwini. Mfuti ikalakwika, amalira ndi a nyumba ina.

Anzathu a ku Mozambique, omwe mfuti anaidziwa kuposa ife, anasankha njira ina. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti kwa anthu n'kumawapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri anawotcherera zidutswa zake n'kupanga ziboliboli. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zokhazokha, ntchito ya mmisiri Cristóvão Canhavato, uli ku British Museum ku London, ndipo anthu amachokera kutali kukauona. Alendo amakopeka ndi mfuti ngakhale isakulira, bola pakhale nkhani yoti amve.

Nkhaniyo ife tili nayo, ndipo ndi yomwe ndamuuza mnyamata wathu kuti agulitse. Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale. Nanga kuno? Ine ndabadwira ndi kukulira m'boma lino, ndinaphunzira za John Chilembwe ndi za 3 Malichi, koma mayina a anthu 11 a mu 1953 sindinamvepo akuwerengedwa pamsonkhano uliwonse. M'midzi ya mafumu athu mukadali agogo omwe anali ana nthawi imeneyo. M'masutikesi akale muli mamendulo a ku Burma, zithunzi ndi makalata otulutsira usilikali zomwe chiswe chikudya. Chipinda chimodzi pa boma kapena pa Luchenza chingakwane: mamendulo, malisiti a lendi, dengu ndi sikelo yakale, mawu a agogo ojambulidwa pa foni, ndipo pakhoma Sten yophedwa, yokhomeredwa m'galasi, pansi pake patalembedwa yemwe anainyamula ndi komwe anapita nayo. Mlendo wochokera kolawa tiyi angalipire kuti alowe. Mwana wa Sitandade 7 angalowe ulere.

Mnyamata wathu sanavomere msanga. Wati chipinda chotere sichingabweretse ndalama ngati zomwe amaona ku Joni, ndipo apo akunena zoona. Koma luso lomwe waphunzira, losamala zida, kulandira alendo ndi kulongosola mbiri ya chitsulo chilichonse, ndi lomwe chipindacho chikufuna.

Pempho langa likupita kwa a khonsolo ya Thyolo, mafumu, eni maesiteti ndi aphunzitsi a mbiri m'sukulu zathu za sekondale. Ogasiti akubwerayu, tumizani ana asukulu kwa agogo awo ndi kope ndi cholembera. Afunse za 1953, afunse za Burma ndi Malaya, alembe mayina ndi midzi. Amene muli ndi mendulo kapena chithunzi cha msilikali wa Keyala m'nyumba, chipukuteni, chiikeni m'pepala la pulasitiki, ndipo mutilembere kalata kutsamba lino kutiuza dzina la mwini wake ndi mudzi womwe anachokera.