OZIMITSA MOTO AKUPUMA UTSI WA DIZILO: A PAMSIKA, NKHANI IYI NI YANU

Amai ndi atate a ku Kapata, a ku Saturday Market, a ku Down Shops, ndi inu nonse amene mumacoka ku Kasenengwa m'bandakuca ndi matimati, repu ndi nshawa kukagulitsa mu Chipata:

Palibe wamalonda amene anaiwala za pa 4 July 2017, tsiku limene City Market ku Lusaka inapsa. Anthu anagona ali ndi kapito, anauka ali ndi phulusa. Mwezi wotsatira msika wa Kapalala ku Ndola nawonso unapsa. Moto ukabuka pamsika, amene mumaitana ni a fire brigade. Manje funso lathu lero ni ili: munthu amene mumadalira kuti apulumutse mabelo anu a salaula, iye umoyo wake amauteteza ndani?

Ambiri timaganiza kuti ngozi ya wozimitsa moto ili pamoto cabe. Ai. Ina imam'peza ali pa siteshoni pomwe. Galimoto yozimira moto imayendera dizilo, ndipo amailiza kawirikawiri, ngakhale kulibe moto, kuti aone ngati injini ndi pampu zili bwino. Injini yozizira ikalira imatulutsa utsi wambiri. Ngati galimoto ili m'shedi, utsiwo ulibe kopita. Umalowa mu ofesi, m'cipinda cogona a usiku, pamene amadyera nsima, ndi m'zovala za nchito zimene zapacikidwa pakhoma. Mwaye wake uli ndi tizidutswa tating'ono kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi, timene mphuno imalephera kusefa. Timatsikira m'mapapo, tina mpaka m'magazi. Lero ni mutu, maso kuwawa ndi cifuwa. Pakapita zaka ni mphumu, matenda a mtima kapena khansa.

Izi sizocokera m'mutu mwathu. Mu June 2012, IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, inagamula kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo inauika m'gulu limodzi ndi utsi wa fodya ndi asbestos. Mu 2022 bungwe lomweli linaika nchito yeniyeniyo yozimitsa moto m'gulu lomwelo. Ndiye kuti mnyamata amene sanagwirepo ndudu angadwale matenda a wosuta, cifukwa cabe ca kumene amagwirira nchito.

Mankhwala a vuto ili alipo, ndipo si matsenga. M'maiko ambiri masiteshoni ali ndi paipi yofewa imene amalumikiza ku ekizozi ya galimoto. Fani imakoka utsi kudzera m'paipiyo ndi kuutaira kunja pamwamba pa denga. Galimoto ikamatuluka pa geti, paipi imadzimasula yokha, osacedwetsa ulendo. Palinso zina zosafuna ndalama zambiri: kuyesera injini panja osati m'shedi, kuika citseko cotsekeka bwino pakati pa shedi ndi zipinda zogona, kusunga zovala kutali ndi ekizozi, kukonza injini pa nthawi yake, ndi kupima anchito m'cifuwa caka ndi caka.

Apa ndiye pamene pali ndale. Mu 2017 boma la nthawiyo linagula magalimoto ozimira moto 42 pa mtengo wa $42 miliyoni. Galimoto imodzi, miliyoni imodzi ya madola. Dziko lonse linacita phokoso, ndipo amene akulamulira lero anali patsogolo kukuwa. Zinali zoyenera kukuwa. Koma mkangano wonse unathera pa mtengo wa galimoto. Za munthu amene amakwera galimotoyo, mapapo ake ndi banja lake, zinakhala kumbuyo. Alowa m'boma mu 2021, nanga mwamvapo pa wailesi nduna kapena phungu akulankhula za utsi umene ozimitsa moto amapuma? Dziko limene linapeza miliyoni ya galimoto lingasowe ndalama ya paipi ndi fani?

Asatiuze kuti lamulo kulibe. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, anaika nchito yozimitsa moto m'manja mwa makhonsolo. Kuyambira 2010 tili ndi lamulo la Occupational Health and Safety lokakamiza wolemba nchito kuteteza umoyo wa anchito ake. Khonsolo ni wolemba nchito. Asatiuzenso kuti ndalama kulibe. Tsiku ndi tsiku amatiimbira nyimbo ya CDF, kuti anaikweza kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwera caka ciliconse. Cabwino. Ngati ndalama zafikadi kwa anthu, zionekere pamene pali moyo wa anthu.

Mwina wina anena kuti, “Ine nigulitsa kapenta, za ku siteshoni zinikhudza bwanji?” Zikukhudzani pawiri, amai. Coyamba, wozimitsa moto wodwala cifuwa sangathamange ndi paipi ya madzi mu utsi. Akakhala pa bedi ku Chipata Central Hospital, pa shifiti pamacepa munthu, ndipo moto suyembekezera kuti acire. Caciwiri, utsi umenewu inunso mumaupuma. Mabasi amaima akulira pa siteshoni maola, mathiraki a pa Great East Road opita ku Mwami amadutsa pafupi ndi matebulo anu, ndipo m'malodi shedingi a 2024 majenereta anali kulira pakhomo pa mashopu tsiku lonse, mwana ali kumsana. Khonsolo imene ingaphunzire kuteteza anchito ake ku utsi, tidzaikakamiza kutetezanso inu. Imene ilephera pakhomo pake, ingakwanitse pamsika?

Inu mumalipira levi tsiku lililonse, mwagulitsa kapena simunagulitse. Risiti ija ikupatsani mphamvu yofunsa. Conco tikupempha Chipata City Council ndi Kasenengwa Town Council ziyankhe poyera mafunso awa:

1. Magalimoto ozimira moto amalizidwira kuti, ndipo pali ciani cocotsa utsi pamalopo?
2. Ozimitsa moto anapimidwa liti komaliza m'cifuwa, ndipo analipira ndani?
3. Mu bajeti ya caka cino, ni zingati zimene zaikidwa pa citetezo ca ozimitsa moto?
4. Kasenengwa inakhala boma paokha mu 2018. Moto ukabuka pamsika kumeneko, galimoto icokera kuti, ndipo itenga mphindi zingati kufika?

Mafunso awa musawasiye pa Facebook. Apatseni a ceyamani a msika wanu. Kawafunseni a khansala pamaso, osati pa maliro pamene akupereka cipepeso, koma ku ofesi. Apititseni ku Ward Development Committee, kumene mapulojekiti a CDF amayambira. Mukapita khumi pamodzi, palibe amene angakuuzeni kuti mubwere mawa.

Ozimitsa moto ambiri sangalankhule okha, kaili aopa kucotsedwa nchito. Ni ana athu, azilongo athu, makasitomala athu amene amagula ndiwo pa matebulo anu mwezi ukatha. Tsiku la tsoka amalowa pamene tonse tikuthawa. Tiwalankhulire lero akali ndi mpweya wothamangira moto wathu.

Tumizani uthengawu ku gulu la WhatsApp la msika wanu, ndipo yankho limene a khansala akupatseni mutiuze, tidzaliika pano kuti onse aone.

Mlembi wa Acinyamata, Kasenengwa