Tikukangana za feteleza, dothi likupita ku Ruo

Mvula yoyamba ikagwa ku Mulanje, pitani pa mlatho wa Thuchila kapena wa Ruo mukaone madzi. Amakhala ofiira ngati phala la mawere. Anthu timangoti mtsinje wadzaza, koma chomwe chikudutsa pansi pa mlathowo ndi minda ya anthu. Kafukufuku amene bungwe la FAO linachita ndi boma la Malawi anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya dothi lokwana matani 29 pa hekitala iliyonse pa chaka. Bungwe lomwelo limati kuti dothi lapamwamba lokhuthala sentimita imodzi lipangike, pangadutse zaka mpaka 1,000.

Chonsecho tikatsegula Facebook nyengo yodzala ikayandikira, nkhani imakhala imodzi: mtengo wa thumba la feteleza, ndani walowa m'kaundula, ndani watsala. Ndi nkhani yofunika, sitikukana. Koma kuyambira 2005 pamene sabuside inayamba, mpaka AIP ya 2020, takhala tikukangana za chakudya cha mbewu, nthaka yomwe imasunga chakudyacho tikuyiiwala.

Dothi si fumbi chabe. Dothi labwino, pafupifupi theka lake ndi timipata momwe mumakhala madzi ndi mpweya. Theka linalo ndi miyala yomwe inaphwanyika pang'onopang'ono n'kukhala mchenga kapena dongo, kuphatikiza zowola za masamba, mizu ndi ndowe. Zowolazi n'zochepa, koma ndi pomwe pagona chajomba. Zimagwira madzi ngati siponji, zimamata dothi kuti lisakokoloke, ndiponso ndi chakudya cha nyongolotsi, chiswe ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Akatswiri amati m'supuni imodzi ya dothi lachonde mungapezeke tizamoyo toposa anthu onse a padziko lapansi. Ndi timeneti tomwe timagaya mapesi n'kuwasandutsa michere yoti muzu wa chimanga uyamwe. Ndiye tikamasonkha moto m'munda mu Ogasiti kapena Seputembala, kaya posaka mbewa kaya kuti khasu lisavute, dziwani kuti tikuwotcha nkhokwe ya antchito omwe satilipiritsa ngakhale tambala.

Ku Mulanje kuli vuto lina lomwe ambiri sitilitchula: asidi. Mvula yambiri yomwe imagwa m'munsi mwa phiri imatsuka michere ina, monga kashiamu, n'kusiya dothi lofiira la asidi. Tiyi amakonda dothi lotere, lomwe pH yake ili pakati pa 4.5 ndi 5.5, n'chifukwa chake ku Lujeri ndi ku Mimosa kumabiriwira chaka chonse. Chimanga ayi. M'dothi la asidi wambiri, fosifolasi wa mu feteleza wokulitsa amamangika, muzu sumufikira. Komanso kuthira urea chaka ndi chaka popanda manyowa kumawonjezera asidiyo. Mayi amagulitsa mbuzi kuti agule thumba, amathira bwinobwino, koma gawo la ndalama yake limatsekeka m'dothi. Akakolola madengu owerengeka timati feteleza wa masiku ano ndi wosungunula. Mwina nthawi zina. Koma kodi munda wawowo unayezedwapo?

Funso limeneli ndi lomwe tikufuna lipite kwa aphungu ndi ku unduna wa zamalimidwe. Ku Bvumbwe, m'boma loyandikana nalo la Thyolo, kuli malo a kafukufuku wa zaulimi. Mlimi wa ku Muloza kapena ku Chambe sangakwere minibasi ndi kathumba ka dothi kupita kumeneko. Kuyeza dothi kubwere kwa alangizi m'madera, laimu wochepetsa asidi azipezeka m'misika momwe mumagulitsidwa feteleza, ndipo kagawo ka ndalama za sabuside kapite ku zimenezi. Mu Meyi 2024 atsogoleri a mu Africa anakumana ku Nairobi n'kugwirizana kuti feteleza aziyendera limodzi ndi thanzi la nthaka. Zolembazo zilipo. Ife tikudikira kuziona m'bajeti.

Tisanamizanenso kuti anthu amalima m'mapiri chifukwa cha umbuli. Malo ku Mulanje ndi ochepa, anthu ndi ambiri, gawo lalikulu la nthaka yabwino lili ndi tiyi, ndipo mnyamata wopanda ganyu amaona makala ngati njira yachidule. Koma phiri silimva zifukwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, anthu mazanamazana n'kutisiya. Agogo athu amati kwadutsa napolo, monga momwe anatchulira za ku Phalombe mu 1991. Mvula ya Freddy inali yoopsa moti ngakhale nkhalango sikanaletsa zonse, koma pamtsetse pomwe pametedwa mpala dothi limakhala lopanda mizu yoligwira. UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, tinasangalala, tinagawana zithunzi za Sapitwa. Ulemuwo subwezera dothi m'munda wa munthu.

Anzathu, ambiri a ife tili m'tauni koma timadya ufa wochokera kumudzi, ndipo ndife timatumiza ya feteleza pafoni. Chaka chino potumiza funsaninso: mapesi anakwiriridwa kapena anawotchedwa? Mizere ikupingasa mtsetse? Vetiva alipo m'malire? Nandolo yemwe amamera bwino kwathu kuno ali ndi timatuza ku mizu momwe tizilombo timakoka nayitirojeni kuchokera mu mpweya, masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa. Ndipo ngati ndalama yakwana thumba limodzi lokha, alangizi amaphunzitsa kapangidwe ka Mbeya: feteleza pang'ono, gaga, phulusa ndi ndowe, kusakaniza n'kusunga m'thumba masabata atatu.