Mfuti m'nyumba imateteza ndani?

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, nkhani ya akuba imakula kuno ku Rumphi. Ku Bolero, ku Hewe ndi ku Mhuju, ndalama zikalowa m'nyumba tulo timasowa. Abambo ena, makamaka amene anakhalako ku Joni, amati mankhwala ake ndi mfuti yaing'ono ija amati pisitolo, yoika pansi pa pilo. Amayi anzanga, nkhaniyi ikafika pakhomo panu musangoti ndi ya abambo. Imakhudza moyo wanu ndi wa ana anu.

Kudziteteza si tchimo, ndipo Mpingo sukana zimenezi. Funso ndi lakuti kodi mfuti imatetezadi?

Amene anathamangitsa mbava ndi mfuti amasimba nkhani yake pa bawo zaka ndi zaka. Koma amene anafa ndi mfuti ya m'nyumba mwake momwe sasimba kanthu. Nchifukwa chake akatswiri a zaumoyo sadalira nkhani zapakamwa. Iwo amawerenga onse, opulumuka ndi omwalira, kenako nkuyerekeza nyumba zosunga mfuti ndi zopanda mfuti.

Mu 1993, dokotala Arthur Kellermann ndi anzake anachita zimenezi m'madera atatu a ku America. Anapeza kuti m'nyumba yosunga mfuti, chiopsezo choti munthu aphedwemo chinali chachikulu pafupifupi katatu. Ndipo kawirikawiri wakuphayo sanali mbava yothyola zenera, koma wachibale kapena wachikondi. Mu 2003, Jacquelyn Campbell anafufuza za amayi ochitiridwa nkhanza m'mizinda 11 ya dziko lomwelo. Mwamuna wankhanza akakhala ndi mfuti pafupi, chiopsezo choti mkaziyo aphedwe chinkakwera pafupifupi kasanu.

Nanga ku Joni komwe nzeruyi ikuchokera? Mu 1999, Antony Altbeker anaunika mafayilo a polisi a ku Alexandra ndi Bramley mu mzinda wa Johannesburg. Pa anthu amene anachitidwa chiwembu ali ndi mfuti, olandidwa mfutiyo anachuluka kanayi kuposa amene anadziteteza nayo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Chigawenga ndicho chimasankha nthawi, pomwe mwininyumba amadzidzimuka ali m'tulo. Mfuti yolandidwayo mawa ikaopseza banja lina.

Wina anganene kuti ziwerengerozi ndi za kunja, komanso kuti mwina ogula mfuti ndi anthu amene ali kale pangozi. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo ofufuza a mu 1993 aja anaiganizira. Iwo ankayerekeza nyumba za dera limodzi, anthu a misinkhu yofanana, nkuwerengeranso za mankhwala osokoneza bongo ndi ndewu zakale. Chiopsezo chinapezekabe. Ndipo zinthu zimene zimasandutsa mfuti kukhala tsoka kunonso zilipo: kachasu, nsanje, ngongole za fetereza, ndi ana okonda kufufuza m'masutukesi. Mbava imabwera mwa apo ndi apo, koma mfuti imakhala m'nyumba tsiku lililonse, ngakhale tsiku la mkangano. Bambo wothedwa nzeru fodya wake atabwezedwa pa msika angathe kutonthozedwa kukacha. Chipolopolo sichidikira kuti kuche.

Tikumbukenso kuti m'dziko muno kusunga mfuti popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, ngakhale ikhale gogodela wosiyidwa ndi agogo.

Tsono tichitenji? Mbava imalondola ndalama, choncho tichotse nyamboyo. Ndalama za fodya ndi za banki mkhonde zikhale ku banki kapena pa foni, mu Mpamba kapena Airtel Money, osati m'bokosi la kwa msungichuma. Tilimbitse zitseko ndi mazenera. Tilowe m'magulu achitetezo cha m'mudzi, tizidziwana manambala a foni ndi anansi athu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wenzulo imodzi ikalira usiku, mudzi wonse udzuke.

Ndipo ngati mayi mnzathu wa m'mphakati akumenyedwa, m'nyumbamo mulinso mfuti, tisadikire ankhoswe. Timuperekeze ku ofesi ya Victim Support ku polisi tsiku lomwelo, tikanenenso za mfutiyo. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 lili kumbali yake.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe lathu, nkhaniyi tiikambe poyera, ndipo abambo tiwaitane adzamve ziwerengerozi ndi makutu awo.