Pikisanani ndi Wotchi, Osati ndi Mbale Wanu

Kuno kwa Mbenje njinga ndi miyendo yathu. Imatifikitsa kumunda, kuchigayo ndi kumsika wa Bangula, ndipo anyamata ambiri amadyera kabaza. Choncho achinyamata a mumpingo akapempha mpikisano wa njinga, sitidabwa. Chimene chimatidetsa nkhawa ife a zaumoyo ndi kachitidwe kake. Anyamata khumi akanyamukira limodzi pamsewu wa M1, aliyense akulimbirana kutsogolo pakati pa mathiraki, ngolo ndi mbuzi, ngozi sichedwa.

Ulipo mtundu wina wa mpikisano umene pa Chingerezi amati time trial. Opalasa amanyamuka mmodzimmodzi, motalikirana mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo wina amalemba nthawi imene aliyense watenga pa mtunda womwewo. Wotenga nthawi yochepa ndiye wapambana. Akatswiri amachitanso zomwezi: mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Kigali, ku Rwanda, koyamba mu Africa, ndipo Remco Evenepoel wa ku Belgium ndi Marlen Reusser wa ku Switzerland ndiwo anapambana pa mtundu umenewu. Ife sitifunika njinga zawo zodulazo. Yokwerera kumunda ija ikwanira, bola mabuleki akugwira, matayala apopedwa bwino ndipo tcheni chathiridwa oyilo.

Mdani wamkulu kuno ku chigwa ndi dzuwa. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu amene akupalasa mwamphamvu amataya madzi ndi mchere wambiri m'thukuta, ndipo thupi likalephera kudziziziritsa akhoza kukomoka, ngakhale kumwalira kumene. N'chifukwa chake timalangiza miyezi yozizira ya June ndi July, Lamlungu m'mamawa, onse n'kukhala atamaliza dzuwa lisanakwere. Oyamba kumene asapitirire makilomita 5, ndipo musankhe msewu wopanda magalimoto ambiri.

Aliyense adye phala, nthochi kapena mbatata kukadali maola awiri, amwe madzi asananyamuke, ndipo ena anyamule m'botolo. Pomalizira pakhale mthunzi ndi ndowa ya madzi aukhondo. Ngati Thanzi ORS palibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Zakumwa za m'mabotolo zimene amati zimapatsa mphamvu zisiyeni. Khafini wake amathamangitsa mtima umene ukugunda kale mofulumira. Musamwenso mapiritsi opha ululu musanapalase, chifukwa ululu ndiwo umatichenjeza kuti tiime.

Wina akamva chizungulire, mutu kapena nseru, atsike pomwepo. Akayamba kubwebweta kapena kudzandira, m'gonekeni pamthunzi, m'masuleni zovala, m'thireni madzi thupi lonse, m'kupizeni, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Wokomoka musamumwetse kanthu. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, komanso amene wangochira malungo, ayambe wafunsa kuchipatala.

Koma palinso matenda ena amene mankhwala ake sali kuchipatala: nsanje. Opikisanawa amaimba kwaya imodzi. Wochedwa akasekedwa, mwezi wamawa sabweranso, ndipo pena amayamba kujomba ndi kutchalitchi komwe. Ndiye sungani kope, mulembemo nthawi ya aliyense. Pa ulendo wotsatira, muyambe kuombera m'manja amene wachepetsa kwambiri nthawi yake yakale, kaya ndi mtsikana wa zaka 14 kapena bambo wa zaka 50. Wothamanga kuposa onse mudzamutchule pambuyo.

Yesaninso kupalasa m'magulu a anthu anayi, nthawi n'kumawerengedwa pamene wachitatu wafika. Apa wamphamvu sapindula kanthu akathawa anzake. Amayenera kutsogola kuti awatchingire mphepo, popeza wapambuyo satopa kwambiri, kenako n'kumasinthana. Ana amaphunzirapo kudikirana popanda wowalalikira.

Makolo, musangowalola kupita anawo. Bwerani mudzagwire wotchi, mudzaime pamphambano kuchenjeza odutsa, ndipo ngati thupi likulola, kwerani yanu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Kope lija lili ndi malo a dzina lanunso.