Mkuwa ndi wathu, nanga nzelu zopangila mabatile zili kuti?

Mayunivesite a ku Ulaya, America ndi Asia akufunafuna ofufuza za mabatile, za uinjiniya wa makemikolo ndi za magetsi osaononga cilengedwe. Nchitozi amazicha postdoc. Munthu amene watsiliza digili ya PhD amalembedwa kwa zaka ziŵili kapena zitatu, amalandila malipilo, ndipo amafufuza moyang'anilidwa ndi pulofesa. Ku Britain kuli bungwe la Faraday Institution, lokhazikitsidwa mu 2017, limene limapeleka ndalama za kafukufuku wa mabatile.

Nkhaniyi itikhudza. Mkati mwa batile ya lithium muli mkuwa wopyapyala ngati pepala, ndipo mabatile ambili amafunanso cobalt. Dziko la DR Congo limakumba pafupifupi 70 pelesenti ya cobalt yense wa padziko, ndipo pa mkuwa mu Africa, Zambia ndi yaciŵili kwa Congo. Mu April 2022 maiko aŵiliwa anasaina pangano ku Lusaka lakuti adzayambe kupanga zofunika m'mabatile kuno kwathu. Koma fakitale siyenda ndi siginecha. Imafuna anthu odziŵa kuyenga miyala mpaka ikhale makemikolo oyela bwino, ndipo luso limenelo limakula m'zaka za kafukufuku ngati zimenezi.

Taona kale mtengo wa kusoŵa lusoli. Cilala ca 2024 citatsitsa madzi ku Kariba, amene anali ndi ndalama anagula masola ndi mabatile ocokela kunja, ena tonse tinagona mumdima. Mu February 2025 damu la zotsalila za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi analoŵa m'mitsinje yothila mu Kafue, ndipo madzi a m'mipopi ku Kitwe anatsekedwa. Wodziŵa makemikolo amateteza mtsinje monga mmene amathandizila fakitale.

Vuto ndi lakuti mipata yambili ili kunja. Amene wapita amazoloŵela labu ya zipangizo zonse, ndipo akaganiza zobwelela amasoŵa pogwilila. Sitingamuimbe mlandu. Ofunika kufunsidwa ndi Boma ndi eni migodi: kodi pa phindu la mkuwa ndi zingati zimene zifika m'malabu a University of Zambia ndi Copperbelt University? Popanda malipilo a ofufuza kuno, tidzapitiliza kutumiza kunja miyala pamodzi ndi ana athu.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Masukulu a mipingo asamalile maphunzilo a sayansi ndi masamu, kwa atsikana ndi anyamata mofanana. Makolo, mwana akanena kuti akafufuzabe pambuyo pa PhD, tisamunene kuti athaŵa nchito, pakuti imeneyo ndiyo nchito yake. Ndipo amene apita, tiwapemphelele ndi kulankhula nawo kaŵilikaŵili, kuti khomo lobwelela likhale lotseguka.